Chitenje Ndi Chathu, Fakitale Ndi ya Eni Ake

Sabata ino tiyambire kuchipinda kwa amayi anu.

Mukapita kwanu, pemphani chilolezo mutsegule sutikesi ija imakhala kunsi kwa bedi, muwerenge zitenje. Mupezamo cha mpingo. Mupezamo cha ukwati wa msuweni wanu, ukwati woti udatha kalekale koma nsalu yake ikadali yowala. Mupezamo cha chipani, mwinanso ziwiri za zipani zosamwerana madzi, atazipinda pamodzi mwamtendere. Ndipo masiku ano simulephera kupezamo china cholembedwa dzina la mtundu kapena la mwambo wake: cha Mulhako wa Alhomwe, cha Kulamba, cha Umthetho, cha Umhlangano, cha Chiwanja cha Ayao. Chimenecho ndiye ndikufuna mutulutse. Chitambasuleni pamphasa, muchiyang'ane bwinobwino, kenako mudzifunse ngati agogo a agogo anu, eni mtundu enieniwo, akadachizindikira atachiona.

Sakadachizindikira. Ndipo sindikunyoza ayi, inenso ndili nacho changa, moti pamene ndikulemba pano chili kwa telala. Ndikungofuna tiyende limodzi m'mbuyo, tione kuti zidatani kuti mtundu wa munthu uzigulitsidwa pa mamita, komanso kuti ndalama yake imathera m'thumba mwa ndani.

Makolo athu ambiri ankavala zikopa ndi chiwondo, chomwe ena amati nyanda. Ankasenda khungwa la mitengo monga mombo, n'kulimenya mpaka lifewe. Koma musafulumire kunena kuti nsalu adabwera nayo ndi azungu. Kuchigwa cha Shire, Amang'anja ankalima thonje, kupota ulusi ndi kuluka nsalu yolimba yotchedwa machila, dzina lomwe lija mumalimva pa machila onyamulira atsamunda paulendo ndi machila akuchipatala. David Livingstone atakwera mtsinje wa Shire mu 1859 adapeza anthu akulima thonje lakomweko komanso lina lomwe mbewu yake idachokera kunja, ndipo opota ndi kuluka anali amuna. Nsalu imeneyi inkayenda malonda m'mphepete mwa Zambezi kwa zaka mazana, Apwitikizi nawo n'kumaigula. Ngati pali nsalu yoti tingadzigugude nayo pamtima kuti ndi yathu, kuyambira mbewu mpaka ulusi, ndi imeneyo. Pitani mumsika wa Limbe kapena wa Lilongwe mukaifunse. Akuyang'anani ngati mwasokonekera. Nkhondo, malonda a ukapolo, chilala cha 1862 ndi 1863, kenako nsalu yotchipa ya m'mafakitale akunja, zidaipha.

Nsalu yakunjayo inkabwera ndi amalonda achiyao ndi achiswahili kuchokera kugombe la nyanja ya mchere. Kunali merikani, nsalu yoyera yopanda maluwa yolukidwa m'mafakitale a ku Massachusetts, yomwe zombo za ku Salem zinkatsitsa ku Zanzibar kuyambira zaka za m'ma 1830. Dzina lakelo likungonena komwe inkachokera. Kunalinso kaniki, yakuda mobiriwira, ya ku India. Nthawi imeneyo nsalu inali ndalama. Inkagula minyanga, inkagula chakudya cha apaulendo, inkagulanso anthu. Ku Nkhotakota kwa Jumbe, mwana wa munthu ankasinthanitsidwa ndi mikwamba ya nsalu. Ngakhale mikanda ija timaitama kuti ndi ya chikhalidwe, ya m'khosi ndi ya m'chiuno yomwe, yambiri inkapangidwa ku Venice ndi ku Bohemia. Pamene abale awiri a banja la Moir ankayamba kampani ija tidaitcha Mandala mu 1878, nsalu yoyera inali katundu wamkulu m'sitolo, ndipo azungu oyamba a m'maesiteti ankalipira antchito awo ndi nsalu yomweyo. Pambuyo pake masitolo a amwenye adaifikitsa paliponse pomwe pali boma kapena siteshoni ya sitima.

Nanga chitenje chamaluwachi? Apa ndiye pali ulendo.

Kwawo kwenikweni kwa luso limeneli ndi pachilumba cha Java, ku Indonesia. Kumeneko amisiri amajambula pansalu ndi phula losungunula, n'kuiviika mu utoto; pomwe pali phula utoto sulowa. Ntchito yamanja, yotenga masabata. Adatchi, omwe ankalamulira zilumbazo, adaganiza zopanga nsalu yofanana nayo pamakina kwawo ku Ulaya kuti akaigulitse motchipa kwa eni ake a lusolo. Imodzi mwa mafakitalewo ndi ija timaidziwa lero kuti Vlisco, yomwe idayamba mu 1846 m'tauni ya Helmond. Koma makina ankasiya ming'alu ndi timadontho pansalu, ndipo anthu a ku Java ankaona kuti ndi nsalu yolakwika. Msika udavuta. M'zaka za m'ma 1890, wamalonda wa ku Glasgow, Ebenezer Brown Fleming, adayamba kutumiza nsalu zoterezi ku Gold Coast, komwe lero ndi ku Ghana. Kumeneko ming'alu yomwe ija idakhala kukongola kwake. Amayi amalonda a ku West Africa adayamba kuuza mafakitale maluwa omwe akufuna, mitundu yomwe ikuyenda, n'kumazipatsa nsaluzo maina awoawo. Kuchoka apo idafalikira ku Congo, ku East Africa komwe amati kitenge, mpaka kuno kwathu zaka za m'ma 1900 zili m'kati. Mukamva mayi wogulitsa zitenje akuti "iyi ndi Java, mayi, siisuluka," dziwani kuti akutchula chilumba chomwe chili kutsidya kwa nyanja ya India.

Ndiye taonani: luso la ku Java, makina a ku Holland, wamalonda wa ku Scotland, diso la amayi a ku Ghana. Ife tidalandira kumapeto. Komabe ndani angatsutse kuti chitenje ndi chathu? Chimabereka mwana, chimafunditsa wodwala, chimakhala nkhata, chimamanga ndalama pamfundo, chimatchinga pobereka, chimayalidwa pansi kuti mkwati apondepo, chimaperekeza maliro. Katundu amakhala wa amene akumugwiritsa ntchito mpaka kung'ambika. Pamenepo palibe mlandu. Funso langa lili pena: zidayamba liti kuti chovala chizinena mtundu wa munthu?

Mungaganize kuti zidayambira kumudzi. Ayi ndithu. Kumudzi palibe amene amafunika kulemba pachifuwa kuti ndi Mchewa, poti aliyense ndi Mchewa. Kumeneko amakufunsani mfunda, amakufunsani kuti ndinu mwana wa yani, mbumba ya yani. Mtundu umayamba kumveka mukakhala pakati pa alendo, ndipo alendo amaunjikana m'tauni.

Oyamba kuzilemba bwino izi anali akatswiri a bungwe la Rhodes-Livingstone Institute ku Northern Rhodesia, Zambia ya lero, komwe agogo athu ambiri ankakagwira ntchito m'migodi. Godfrey Wilson adafufuza moyo wa antchito ku Broken Hill, komwe pano ndi ku Kabwe, chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1940. Adapeza kuti gawo lalikulu la ndalama zomwe ankalandira linkathera pa zovala. Azungu ankati n'kupusa. Wilson adaona zina. Munthu wakuda sankaloledwa kugula nyumba m'tauni, sankakwezedwa pantchito kufika pomwe pali mzungu, ndiye chuma chomwe akadatha kuchisunga, kuchionetsa, kupatsa abale ndi kupita nacho kumudzi chinali chovala. Jekete linali banki. Kumbukirani matchona athu obwera ku Joni ndi ku Salisbury, suti, chipewa, nsapato zolira, bokosi lachitsulo lodzaza nsalu za alongo ndi apongozi.

Kenako kudabwera J. Clyde Mitchell, yemwe adayamba wakhalapo m'midzi ya Ayao kuno ku Nyasaland asanapite ku Copperbelt. Mu 1956 adatulutsa kabuku kotchedwa The Kalela Dance. Ku Luanshya, Lamulungu lililonse masana, anyamata a mtundu wa Abisa ankavina gule wotchedwa kalela. Nyimbo zawo zinali zotamanda mfumu yawo Matipa ndi dziko lakwawo, komanso zoseka mitundu ina ya m'komboni. Gule wa mtundu weniweni, eti? Tsono tamverani zovala. Palibe chikopa, palibe nthenga. Mathalauza ositidwa bwino, nsapato zopolisha, kampango koyera m'manja. Pagulupo panali wina wovala ngati dokotala, wina ngati namwino. Nyimbozo ankaimba m'Chibemba cha m'tauni kuti aliyense amve kuti akusekedwa. Mitchell adati mtundu wa m'tauni si mudzi womwe wasamukira m'komboni. Ndi chinthu chatsopano, njira yosanjira anthu osawadziwa kuti udziwe woseka naye, wobwereka kwa iye mchere, ndi wodzakuika m'manda ukafera kutali. Angoni ndi Abemba, omwe makolo awo ankamenyana ndi mikondo, adasanduka anthu otukwanizana mwanthabwala ndi kuthandizana pamaliro.

Ife izi sitikuzimva ngati zachilendo. Malipenga a ku Nkhata Bay, omwe lero timati ndi gule wa Atonga, amavinidwa ndi kabudula woyera, sokosi zofika m'mawondo ndi tayi. Adachokera ku perete wa asilikali a KAR, makamaka itatha nkhondo ya 1914 mpaka 1918. Mganda ndi beni ndi abale ake. Ndipo agogo athu atafika ku Southern Rhodesia, Myao, Mlomwe, Mmang'anja ndi Mchewa onse adaikidwa m'thumba limodzi. Ankangoti Manyasarande kapena Mabhurandaya, kutanthauza a ku Blantyre, ngakhale munthu wa ku Dowa woti Blantyre adangomudutsa pasitima. M'tauni ya eni dzina amakupatsa ndi ena.

Nkhani ya Alomwe ndiyo imandikhudza kwambiri pamenepa. Ambiri adalowa m'dziko muno kuchokera ku Mozambique kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1890, kuthawa nkhanza ndi ntchito yokakamiza ya Apwitikizi. Adafikira m'maesiteti a Mulanje, Thyolo ndi Chiradzulu, komwe adakumana ndi thangata. Anali a magulu osiyanasiyana, Amihavani, Amanyawa, Atakhwani, Akokhola ndi ena, koma kuno adapatsidwa dzina limodzi lachipongwe lija loti Anguru. Ambiri adayamba kubisa chinenero chawo, ana n'kukula akuyankhula Chinyanja. Yemwe adalimbana ndi dzinali sanali nyakwawa ya kumudzi. Anali Lewis Bandawe, munthu wophunzira kumishoni, womasulira Chipangano Chatsopano m'Chilomwe, wogwira ntchito kubwalo lalikulu la milandu ku Blantyre. Mu 1943 iye ndi anzake adayambitsa bungwe la Alomwe, ndipo boma la atsamunda lidavomera kusiya dzina lachipongwelo m'makalata ake. Umodzi wa Alomwe monga tikuudziwa lero udasokedwa m'tauni, ndi anthu ovala suti, ndipo udasokedwa pofuna kuchotsa manyazi omwe anthu ena adawaveka. Muzikumbukire zimenezi tikafika pa Chonde.

Adaphunzitsa dziko lonse kuvala uthenga pathupi ndi Kamuzu. Mwini wakeyo ankavala suti ya zidutswa zitatu ndi chipewa cha ku London, litchowa m'manja. Koma amayi, mbumba yake, ankavala nkhope yake. Chigawo chilichonse ndi mtundu wake wa nsalu, amayi kukwezedwa m'malole kukavina kubwalo la ndege ndi kusitediyamu. Nsalu inalipo yokwanira poti chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960 fakitale ya David Whitehead and Sons idatsegulidwa ku Blantyre, ikupota thonje la alimi athu, kuluka ndi kudinda konkuno, ndipo idalemba ntchito anthu zikwi. Mu 1968 Chinyanja chidatchedwa Chichewa n'kukhala chinenero cha dziko, Chitumbuka n'kuchotsedwa pawailesi. Mabungwe a mitundu adazilala, poti kunena za mtundu wako mokweza kunali kugawa dziko. Mu 1973 kudabwera lamulo la kavalidwe loletsa amayi kuvala mathalauza ndi masiketi osafika m'mawondo. Alendo achikazi otsika ndege ankayenera kudzikulunga. Motero chitenje, mwana wa ku Java uja, chidalandira udindo watsopano: mlonda wa ulemu wa mayi wachimalawi.

Lamulolo lidachotsedwa pa kusintha kwa ndale kwa 1993 ndi 1994, koma m'mitu mwa anthu lidatsalira. Mu Januwale 2012 anyamata ena ogulitsa malonda m'misewu ya Lilongwe ndi Blantyre adavula amayi ovala mathalauza ndi masiketi aafupi, ati poteteza chikhalidwe. Amayi adachita msonkhano waukulu wodzudzula ku Blantyre. Chomwe chimandiseketsa mowawa n'choti mathalauza omwewo amagulitsidwa pamsewu pomwepo, pa mulu wa kaunjika. M'mawa kugulitsa, masana kuvula wogula.

Kaunjika ameneyu tisamulambalale, chifukwa adasintha malo a chitenje. Malonda atamasulidwa, mabelo a zovala zakale za ku Ulaya ndi ku America adasefukira m'misika. Ku Zambia amati salaula, kutanthauza kusankha pamulu, ndipo Karen Tranberg Hansen adalemba buku lonse la dzina lomwelo mu 2000. Mafakitale a nsalu adagwada. David Whitehead adagulitsidwa mu 2003 kukhala Mapeto, Mulungushi Textiles ya ku Kabwe idatseka mu 2007. Chovala cha tsiku ndi tsiku cha munthu wa m'tauni chidakhala jinzi ndi tisheti yolembedwa dzina la sukulu ya ku Ohio. Chitenje chosokedwa, makamaka kwa ife apantchito za m'maofesi, chidakwera n'kukhala chovala cha tsiku lapadera, tsiku lomwe tikufuna kunena kuti ndife ndani. Zipani zidatengera pomwe Kamuzu adasiyira, yachikasu, yabuluu, yalalanje, yofiira. Mipingo nayo, masukulu, mabanki, mabungwe olimbana ndi Edzi. Mitundu idangolowa pamzere womwe udalipo kale.

Tayang'anani zaka. Kulamba, ku Mkaika m'boma la Katete ku Zambia, komwe Achewa a maiko atatu amakagwada kwa Kalonga Gawa Undi kumapeto kwa Ogasiti, adaletsedwa ndi atsamunda m'zaka za m'ma 1930 ndipo adaukitsidwa mu 1984. Nc'wala ya Angoni a Mpezeni idaukitsidwa mu 1980. Mu 2007 apulezidenti atatu, Levy Mwanawasa, Bingu wa Mutharika ndi Armando Guebuza, adakhala pamodzi pa Kulamba. Chaka chomwecho Mulhako wa Alhomwe udakhazikitsidwa, Bingu ali patsogolo, likulu lake pa Chonde ku Mulanje, mwambo wake mu Okutobala. Umthetho wa Angoni a ku Mzimba, patsinde pa phiri la Hora, ndi wa zaka zomwezo. Mafumu ndi miyambo yawo ndi akale, inde. Koma makomiti, mabuku a ndalama, madansi osonkhetsera ndalama m'mahotela, ma tisheti, zipewa, maambulera ndi nsalu yachaka chino, zonsezi ndi za dzulodzuloli, ndipo mitu yake imakhala ku Area 47, ku Namiwawa ndi ku Katoto.

John ndi Jean Comaroff, akatswiri ochokera ku South Africa, adalemba buku mu 2009 lotchedwa Ethnicity, Inc. Adaonetsa mitundu ikusanduka makampani ndipo chikhalidwe chikusanduka katundu. Abafokeng ali ndi chuma cha platinamu chomwe amachiyendetsa ngati kampani. Asan adamenyera gawo lawo pa kachomera ka hoodia komwe makampani amankhwala adafuna kulemera nako. Chomwe adandidabwitsa nacho n'choti sadanene kuti kugulitsa kumapha chikhalidwe basi. Adati nthawi zambiri anthu amayamba kuchimva kuti ndi chawo pomwe aona ena akuchigula.

Pitani pa Chonde mudzaone. Kalongonda, nyemba zija zimafuna kuphika tsiku lonse kuti zisakuledzeretseni, zomwe ena ankazinyoza kuti n'chakudya cha amphawi a m'maesiteti, lero abwana amatsika m'galimoto kudzazifunafuna. Gondolosi ndiye musanene, amuna amitundu yonse amakhala Alomwe tsiku limenelo. Tchopa adalembedwa m'kaundula wa UNESCO mu 2014. Mdzukulu wa munthu yemwe ankabisa dzina lake amayenda mumsewu wa Victoria Avenue atavala mtundu wake pachifuwa, mutu uli m'mwamba. Amene anganene kuti zimenezi n'zachabe sadatukwanidwepo chifukwa cha komwe agogo ake adachokera. Ine ndimaziona ngati ngongole ya Bandawe yomwe yabwezedwa mochedwa.

Koma pali zinthu ziwiri zomwe zimandisowetsa mtendere.

Choyamba, nsalu ndi yosavuta kuposa chinenero. Mamita anayi mugula Loweruka, telala asoka, basi mwakhala Mlomwe, Mngoni, Mchewa wathunthu. Kuphunzira Chilomwe kumafuna zaka ndi agogo oti ali moyo. Ambiri ovala nsalu ya Mulhako amathera pa moni. Angoni a ku Ntcheu amayankhula Chichewa, a ku Mzimba Chitumbuka, Chingoni chidatsalira m'nyimbo za ingoma ndi m'zithokozo, ndipo kachikopa ka kambuku komanga kumutu nthawi zambiri ndi nsalu ya m'fakitale yongojambulidwa mawanga (apa nyalugwe akuthokoza). Ife Achewa a m'tauni tisaseke anzathu. Ana athu angati angalongosole kusiyana kwa chikamwini ndi chitengwa? Gule wamkulu adalemekezedwa ndi UNESCO mu 2005, ndipo lero amatuluka pamisonkhano ya ndale, pamahotela a kunyanja, potsegulira nyumba za boma. Zigoba zosemera alendo zili mbwee pamisika ya ziboliboli. Ku Mua, komwe Bambo Claude Boucher adayambitsa Kungoni mu 1976, kuli zigoba mazana angapo zosungidwa mwaulemu pamalo a mpingo womwe kale unkalimbana ndi gule yemweyo. Za kudambwe sindinena, ndili ndi ana oti ndilere. Ndingoti gule naye sadayambe wakanapo katundu wachilendo: Simoni wofiira uja ndi mzungu, Maliya adachokera kutchalitchi, ndipo kuli zilombo zooneka ngati galimoto. Kusiyana kwake n'koti kale gule ankameza zachilendo kuti aziseke. Lero kawirikawiri wachilendo ndiye amalipira kuti gule atuluke nthawi yomwe iye wakonza.

Chachiwiri ndi chomwe nsaluyo imanena kwa osaivala. Tonse tikudziwa kuti m'dziko muno bungwe la mtundu likamatchulidwa, anthu amamva chipani kumbuyo kwake, kaya n'zoona kaya ayi. Mulhako amaumangirira ku chipani china, bungwe la Achewa ku china. Boma likasintha, nsalu ina imatuluka m'sutikesi, ina imabwerera pansi. Mudawaonapo anthu akufufuza mwadzidzidzi agogo aakazi a ku Phalombe kapena a ku Kasungu chisankho chitangotha? Anyamata a kalela ankaseka mitundu ina Lamulungu, Lolemba onse n'kubwerera kukagwira ntchito kwa mzungu mmodzi, malipiro ofanana. Lero pali ntchito, makontirakiti ndi malo a kusukulu zoti zigawidwe, ndiye nsalu ikhoza kukhala chiphaso. Mtsikana wa ku Ndirande yemwe bambo ake ndi Mtumbuka, mayi ake Myao, wobadwira ku Queens, woyankhula Chichewa cha m'minibasi, avale iti? Anthu otere m'matauni mwathu ndi ochuluka zedi, ndipo palibe adawadindira nsalu.

Tsopano tembenuzani chitenje chija muwerenge m'mphepete mwake. Nsalu zina za mabungwe zimadindidwa konkuno ku Blantyre, ndipo zimenezo zimasunga ntchito za abale athu. Koma zitenje zambiri zomwe zadzaza mumsika zimachokera kunja. Amayi amakwera basi kukazitenga ku Kariakoo ku Dar es Salaam, ena ku Lusaka, ndipo zochuluka mwa izo zidadindidwa ku China ndi ku India, zina zitalembedwa mawu onamizira ku Holland. Vlisco weniweni akadali ku Helmond, mtengo wake woti ambiri a ife timangomuonera pa Facebook. Thonje la ku Chikwawa, Balaka ndi Salima lambiri limatuluka m'dziko lisanapotedwe, kuchokera m'chigwa chomwe chija Livingstone adapeza amuna akuluka machila. Mu 2016 boma lidakhazikitsa ndondomeko ya Buy Malawi, ogwira ntchito m'boma n'kulimbikitsidwa kuvala zakwathu Lachisanu. Maofesi adawala ndithu. Koma pa malaya ambiri a Lachisanuwo, chakwathu chinali thukuta la telala. Chimodzimodzi abale athu a ku Johannesburg, ku Leeds ndi ku Dublin akamasonkhana pa 6 Julaye: amaitanitsa nsalu kumudzi, nsalu yoti idadutsa panyanja kuchokera ku Asia, n'kukweranso ndege kupita ku Ulaya ngati katundu wa ku Malawi.

Sindikuti amayi a zitenje asiye geni, ana awo amaphunzira ndi ndalama imeneyo. Sindikutinso mukaotche nsalu ya mtundu wanu. Ndikungoti komiti ikadzabwera ndi nsalu yachaka chino, mudzafunse mafunso omwe mumafunsa pogula china chilichonse. Yadindidwa kuti? Phindu lake likupita ku chiyani? Pa ndalama zimenezo, ndi zingati zalipira mphunzitsi wa Chilomwe kapena wa Chingoni, zingati zafika kwa ovina omwe amabwera palole kuchokera kumudzi n'kugona pasukulu, zingati zajambula mawu a nkhalamba zomwe zikudziwa mayina a mizimu ndi a mbewu zakale zisanatisiye? Mukadzafunsa ena adzakuyang'anani ngati mwatukwana mfumu. Mudzawakumbutse kuti mwalipira.

Telala wanga ali pakhonde la sitolo, makina ake ndi opalasa ndi phazi. Kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala sapuma: ayamba ndi za ku Hora, abwere a ku Mkaika, kenako a ku Ntcheu, atsirize ndi a pa Chonde. Iye kwawo ndi ku Mangochi ndipo sadapiteko ku mwambo uliwonse mwa imeneyi. Zidutswa zotsala sataya. Amaziponya m'thumba la feteleza kuseri kwa mpando, ndipo mvula ikayamba, ntchito itachepa, amazilumikiza zonse pamodzi n'kusoka tizikwama togulitsa kwa azungu odzaona nyanja. Malaya angawo wati ndikatenge Lachinayi. Paja Lachinayi la telala mukulidziwa.